Kusalabadira mbali imodzi pambuyo pa sitiroko

Kusalabadira mbali imodzi ndi vuto la mu ubongo lomwe limachititsa munthu kulephera kuzindikira, kuyang'ana kapena kuyankha zinthu zomwe zili mbali imodzi ya thupi lake, ngakhale maso ndi makutu ake ali bwinobwino. M'mabuku a zachipatala vutoli limatchedwa spatial neglect kapena hemispatial neglect. Kawirikawiri limabwera munthu akadwala sitiroko, matenda omwe anthu ambiri amawadziwa ndi dzina loti kufa ziwalo. Ubongo ukawonongeka kumanja, wodwala salabadira za kumanzere, ndipo ukawonongeka kumanzere, salabadira za kumanja. Koma vuto lalikulu ndi lokhalitsa limaoneka kwambiri mwa anthu omwe awonongeka ubongo wa kumanja.

Malo omwe awonongeka mu ubongo ndi amene amachititsa kuti vutoli libwere kapena lisabwere, komanso amakhudza mtundu wake, kukula kwake ndi nthawi yomwe lingatenge kuti lithe. Kudziwa zimenezi n'kofunika kwambiri m'maboma ngati Neno, komwe makina ojambulira ubongo ali kutali, ndipo achipatala amadalira zizindikiro za wodwala pofuna kudziwa dera lomwe lawonongeka.

Momwe vutoli limaonekera

Munthu yemwe salabadira za kumanzere amakhala ngati dziko lathera pakati pa mphuno yake. Akapatsidwa nsima amadya ya mbali ya kumanja kwa mbale yokha, n'kunena kuti yatha. Mbale ya ndiwo ikaikidwa kumanzere, amatha kudya nsima yosuma n'kumadandaula kuti am'mana ndiwo. Posamba amatsuka mbali imodzi ya nkhope, pometa amasiya ndevu za tsaya la kumanzere, ndipo povala amalowetsa mkono umodzi wokha m'malaya. Munthu akamulankhula ataima kumanzere, iye amatembenukira kumanja kufunafuna mwini mawuwo. Poyenda amagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa la kumanzere. Powerenga amayambira pakati pa mzere, ndipo posewera bawo amaiwala maenje a mbali imodzi.

M'masiku oyambirira, odwala kwambiri amagona mutu ndi maso zitatembenukiratu kumanja. Ambiri sadziwa kuti pali chomwe chavuta. Ena amakana ngakhale zoti dzanja lawo lafa, ndipo ena ochepa amanena kuti dzanjalo ndi la munthu wina. Dokotala wa ku France, Joseph Babinski, anatcha kusazindikira matenda kotereku anosognosia mu 1914. Palinso mtundu wocheperako womwe umatchedwa extinction. Wodwala amamva akakhudzidwa dzanja la kumanzere lokha, koma akakhudzidwa manja onse awiri nthawi imodzi amangomva la kumanja.

Kusiyana kwake ndi kusaona mbali imodzi

Vutoli si khungu. Pali vuto lina lotchedwa hemianopia, lomwe limabwera pamene njira ya zithunzi kuchokera m'maso kupita kunkhongo kwa ubongo yaduka. Munthu wa hemianopia saona theka la malo omwe ali patsogolo pake, koma nthawi zambiri amadziwa zimenezi ndipo amaphunzira kutembenuza mutu. Wosalabadira mbali imodzi satembenuza mutu, chifukwa kwa iye kulibe chinthu choti n'kuchifunafuna kumeneko. Mavuto awiriwa amathanso kupezeka mwa munthu mmodzi.

Mu 1978, Edoardo Bisiach ndi Claudio Luzzatti a ku Milan, m'dziko la Italy, anaonetsa kuti vutoli limafika mpaka m'maganizo. Anapempha odwala awiri kuti ayerekeze kuti aima pa bwalo la Piazza del Duomo moyang'anizana ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo, ndipo atchule zomwe zili pabwalopo. Odwalawo anatchula nyumba za kudzanja lawo lamanja. Atawauza kuti ayerekeze kuti aima pakhomo pa tchalitchicho n'kuyang'ana komwe anachokera, anatchula nyumba zomwe anasiya poyamba zija, n'kusiya zomwe anali atatchula kale. Bwalo lonse ankalikumbukira, koma ankalephera kutembenuzira maganizo kumanzere.

Mu 1988, John Marshall ndi Peter Halligan anaonetsa mayi wina zithunzi ziwiri za nyumba, chimodzi chili ndi moto kumanzere. Mayiyo ananena kuti nyumbazo n'zofanana, koma atafunsidwa yomwe angakonde kukhalamo, nthawi zambiri ankasankha yopanda moto. Izi zinasonyeza kuti ubongo umalandira ndithu zina mwa zinthu za mbali yoiwalidwayo, ngakhale mwiniwake sazizindikira.

Zigawo za ubongo ndi mitsempha yake

Ubongo uli ndi mbali ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo mbali iliyonse imayendetsa ziwalo za mbali inayo ya thupi. Mbali iliyonse ili ndi zigawo zinayi zikuluzikulu. Chigawo cha frontal chili kuseri kwa mphumi, ndipo chimakonza zochita ndi kuyendetsa ziwalo ndi maso. Chigawo cha parietal chili pamwamba chakumbuyo, ndipo chimasonkhanitsa zomwe khungu, maso ndi makutu zikumva kuti munthu adziwe pomwe thupi lake lili ndi pomwe zinthu zili. Chigawo cha temporal chili m'mbali, kuseri kwa khutu, ndipo chimathandiza kumva, kukumbukira ndi kuzindikira zinthu. Chigawo cha occipital chili kunkhongo ndipo chimalandira zithunzi zochokera m'maso.

Sitiroko imachitika m'njira ziwiri. Mtsempha wa magazi umatha kutsekeka, ndipo dera lomwe umadyetsa limafa chifukwa chosowa mpweya wa okosijeni. Mtsempha umathanso kuphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Mtsempha womwe umatsekeka kawirikawiri ndi middle cerebral artery, womwe umadyetsa dera lalikulu la m'mbali mwa ubongo, kuphatikizapo mbali za frontal, parietal ndi temporal. N'chifukwa chake odwala ambiri osalabadira za kumanzere amakhala oti mtsempha umenewu watsekeka kumanja. Nthambi yake ya m'munsi imadyetsa malo omwe parietal ndi temporal zimakumana, pomwe nthambi ya m'mwamba imadyetsa kwambiri frontal.

Chifukwa chake ubongo wa kumanja

Kafukufuku wa John Ringman ndi anzake wa mu 2004, yemwe anaunika odwala sitiroko 1,281 ku America, anapeza kuti m'masiku oyambirira vutoli linalipo mwa odwala 43 mwa 100 alionse owonongeka ubongo wa kumanja, ndi 20 mwa 100 alionse owonongeka kumanzere. Patatha miyezi itatu, linali lidakalipo mwa 17 mwa 100 a gulu loyamba, ndi 5 okha mwa 100 a gulu lachiwiri.

Akatswiri amafotokoza kusiyanaku m'njira ziwiri zikuluzikulu. Kenneth Heilman ndi Marsel Mesulam anaphunzitsa kuti ubongo wa kumanja umalondera mbali zonse ziwiri, pomwe wa kumanzere umalondera kwambiri mbali ya kumanja yokha. Choncho wa kumanzere ukawonongeka, wa kumanja umagwira ntchito yonse ndipo wodwala sataya zambiri. Koma wa kumanja ukawonongeka, mbali ya kumanzere imatsala yopanda mlonda. Marcel Kinsbourne anafotokoza kuti mbali ziwirizi zimakokana ngati magulu awiri pa masewera okokana chingwe. Mbali iliyonse imakokera chidwi cha munthu kutsidya kwake. Ya kumanja ikafooka, ya kumanzere imakoka popanda woiletsa, ndipo maso ndi mutu zimathawira kumanja. Maganizo awiriwa satsutsana kwenikweni, ndipo onse ali ndi umboni wake.

Palinso chifukwa china chomwe chimachepetsa chiwerengero cha odwala a kumanzere. Mwa anthu ambiri, chilankhulo chimayendetsedwa ndi ubongo wa kumanzere. Munthu yemwe wasiya kulankhula kapena kumva mawu amavuta kumuyeza, ndipo vuto lake losalabadira za kumanja limatha kubisika.

Kufunafuna malo enieni

Dokotala wa ku England, John Hughlings Jackson, analemba mu 1876 za wodwala yemwe anali ndi chotupa kumbuyo kwa ubongo wa kumanja ndipo ankasokonezeka pozindikira malo ndi powerenga. Mu 1941, Russell Brain anafotokoza odwala omwe ankasochera m'nyumba zawo zomwe chifukwa chongokhotera kumanja, ndipo analoza chigawo cha parietal. Buku la Macdonald Critchley la mu 1953 lonena za chigawochi linakhazikitsa ganizo limeneli kwa zaka zambiri.

Makina a CT scan atabwera, zinatheka kuona pomwe pawonongeka wodwala ali moyo. Mu 1986, Giuseppe Vallar ndi Daniela Perani anaunika zithunzi za odwala 110 owonongeka ubongo wa kumanja. Anapeza kuti vutoli linkagwirizana kwambiri ndi kuwonongeka kwa m'munsi mwa parietal, dera lotchedwa inferior parietal lobule, kufupi ndi malire a temporal.

Mu 2001, Hans-Otto Karnath ndi anzake a ku Tübingen, m'dziko la Germany, anatsutsa ganizoli. Iwo anapatula odwala omwe analinso ndi vuto la hemianopia, ndipo mwa otsalawo anapeza kuti malo omwe ankawonongeka kawirikawiri anali pamwamba pa temporal, pa mzere wotchedwa superior temporal gyrus. Patangopita zaka ziwiri, mu 2003, Dominic Mort, Masud Husain ndi anzawo a ku London anagwiritsa ntchito zithunzi za MRI zooneka bwino kwambiri ndipo analozanso parietal, makamaka malo otchedwa angular gyrus. Anapezanso kuti sitiroko ya mtsempha wa kumbuyo, posterior cerebral artery, imabweretsa vutoli ikafika mkati mwa temporal, pa dera la parahippocampal. Kale mu 1996, Husain ndi Christopher Kennard anali ataonetsa kuti kuwonongeka kwa m'munsi mwa frontal kokha kumathanso kulibweretsa.

Mtsutsowu unathandiza akatswiri kuona kuti palibe kadera kamodzi komwe kamasunga mbali ya kumanzere. Mesulam anali atanena kale mu 1981 kuti chidwi cha munthu chimayendetsedwa ndi madera angapo olumikizana. Maurizio Corbetta ndi Gordon Shulman anafotokoza mu 2002 kuti pali magulu awiri a madera otere. Gulu la m'mwamba, lomwe lili mbali zonse ziwiri za ubongo, limatembenuza maso ndi chidwi kupita komwe munthu wafuna. Gulu la m'munsi, lomwe ndi lamphamvu kumanja, limadzidzimutsa munthu chinthu chofunika chikachitika komwe sanali kuyang'ana. Sitiroko kawirikawiri imawononga gulu la m'munsi, koma kuwonongekako kumasokonezanso gulu la m'mwamba, ngakhale ilo lisanakhudzidwe.

Ulusi wolumikiza madera

Pansi pa chikuto cha ubongo pali mitolo ya ulusi wa minyewa yomwe imanyamula uthenga kuchokera dera lina kupita dera lina. Mtolo wofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi superior longitudinal fasciculus, womwe umalumikiza parietal ndi frontal. Mu 2005, Michel Thiebaut de Schotten, Paolo Bartolomeo ndi anzawo a ku Paris anayeza odwala awiri omwe ankawachotsa zotupa za mu ubongo ali maso. Dokotala akaimitsa kadera kena kwa kanthawi pogwiritsa ntchito magetsi ochepa, wodwala ankapemphedwa kulemba pakati pa mzere. Chizindikiro chinkathawira kumanja kwambiri pomwe magetsiwo anakhudza ulusi wolumikiza parietal ndi frontal.

Izi zikufanana ndi zomwe zingachitike mlatho wa pa Zalewa utaduka. Blantyre, Mwanza ndi Neno zingakhalepo ndithu, misika yake ili chiimire, koma katundu sangawoloke Shire. Momwemonso, kabala kakang'ono pa ulusiwu kangathe kubweretsa vuto lalikulu kuposa bala lalikulu la pamalo ena, chifukwa madera awiri amoyo amasiya kumvana. Mlatho winanso wofunika ndi corpus callosum, womwe umalumikiza mbali ziwiri za ubongo. Kafukufuku wa Marine Lunven ndi anzake wa mu 2015 anapeza kuti odwala omwe vuto lawo linakhalitsa anali ndi kuwonongeka kumbuyo kwa mlathowu. Mlatho umenewu ukakhala wabwino, ubongo wa kumanzere umatha kulandira uthenga wa kutsidya n'kuthandizira ntchito yomwe yaima.

Zigawo za mkatikati

Mkatikati mwa ubongo muli zigawo zotchedwa basal ganglia ndi thalamus. Karnath ndi anzake anaonetsa mu 2002 kuti kuwonongeka kwa putamen, yomwe ili mu basal ganglia, ndi kwa pulvinar, yomwe ili mu thalamus, kumabweretsanso vutoli ngati kwachitika kumanja. Argye Hillis ndi anzake a ku Johns Hopkins University anapeza kuti mwa odwala otere, nthawi zambiri magazi amakhala akuyenda mochepa pa chikuto cha ubongo chomwe chili pamwamba pa balalo, ngakhale chikutocho chisanafe.

Mfundoyi ndi yofunika ku Africa kuno. Matenda a kuthamanga kwa magazi akapanda kusamalidwa amaphulitsa timitsempha ting'onoting'ono ta mkatikati, ndipo malo omwe magazi amakhuthukira kawirikawiri ndi putamen ndi thalamus. Gawo loyamba la kafukufuku wa INTERSTROKE, lomwe linatuluka mu 2010, linapeza kuti pafupifupi sitiroko imodzi mwa zitatu zilizonse ku Africa inali ya kuphulika kwa mtsempha, pomwe m'mayiko olemera inali pafupifupi imodzi mwa khumi.

Mitundu ya vutoli ndi malo ake

Odwala sakhala ofanana. Wina amaiwala chilichonse chomwe chili kumanzere kwa thupi lake. Wina amaona zinthu za mbali zonse, koma chinthu chilichonse amachiona theka. Akapatsidwa chithunzi cha nkhuku zitatu kuti akopere, woyamba amajambula nkhuku ya kumanja yokha, pomwe wachiwiri amajambula zonse zitatu koma iliyonse yopanda mbali yake ya kumanzere. Hillis ndi anzake anapeza mu 2005 kuti mtundu woyamba umagwirizana ndi angular gyrus, ndipo wachiwiri umagwirizana ndi chigawo cha temporal.

Mu 2010, Vincent Verdon, Patrik Vuilleumier ndi anzawo a ku Geneva anayeza odwala 80 ndi mayeso osiyanasiyana. Anapeza kuti kulephera kugawa mzere pakati ndi kuwerenga kunkagwirizana ndi m'munsi mwa parietal, kulephera kufunafuna zinthu pakati pa zinthu zina zambiri kunkagwirizana ndi frontal, ndipo kuona chinthu theka kunkagwirizana ndi mkati mwa temporal. Odwala omwe anawonongeka ulusi wolumikiza maderawa ankakhala ndi mitundu ingapo nthawi imodzi. Giorgia Committeri ndi anzake a ku Italy anaonetsanso mu 2007 kuti kuiwala thupi lako lomwe, monga kusapesa tsitsi la mbali imodzi, kumagwirizana ndi parietal, pomwe kuiwala zinthu zokuzungulira kumagwirizana ndi frontal ndi pamwamba pa temporal.

Zotsatira za akatswiri zimasiyana pa zifukwa zomveka. Sitiroko imatsata mitsempha ya magazi, choncho madera oyandikana amawonongeka pamodzi ndipo zimavuta kudziwa lomwe lachititsa vuto. Mayeso osiyana amayeza mitundu yosiyana. Wodwala woyezedwa tsiku lachitatu ndi wosiyana ndi woyezedwa chaka chitatha. Komanso dera lakutali ndi bala limatha kusiya kugwira ntchito kwa kanthawi, zomwe Constantin von Monakow anazitcha diaschisis kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Kuchira

Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira, pomwe kutupa kumatsika, magazi amayambanso kuyenda bwino m'madera oyandikana ndi bala, ndipo madera otsala amaphunzira kugwirizananso. Vutoli limakhalitsa kwambiri mwa okalamba, mwa omwe bala lawo ndi lalikulu, ndi mwa omwe aduka ulusi wolumikiza. Anthu omwe ali nalo amakhalitsa m'chipatala, amagwa kawirikawiri, ndipo amachedwa kuyamba kudzisamalira poyerekeza ndi anzawo omwe anafa ziwalo mofanana koma alibe vutoli. Chifukwa chake n'chakuti munthu sangalimbikire mafizo a mkono womwe waiwala kuti ali nawo.

Kayezedwe kake

Mayeso ambiri amangofuna pepala ndi cholembera. Pa mayeso a Martin Albert a mu 1973, wodwala amapatsidwa pepala la timizere tambiri kuti adule kalikonse, ndipo amasiya ta kumanzere. Pa mayeso ogawa mzere, amaika chizindikiro chakumanja kwa pakati penipeni. Pojambula wotchi, amaunjika manambala onse mbali imodzi. Kwa omwe sanazolowere kulemba, pali mayeso omwe Kerstin Tham ndi Richard Tegnér a ku Sweden anakonza mu 1996. Wodwala amapatsidwa timatabwa 16 kuti atiyale mofanana pa thabwa lalikulu, ngati momwe amayalira masikono pa chitini chophikira. Yemwe ali ndi vutoli amatiunjika kumanja. Palinso Catherine Bergego Scale, yomwe imayang'ana zochita khumi za tsiku ndi tsiku, monga kudya, kuvala ndi kuyenda. Popeza mitundu ya vutoli ndi yambiri, mayeso amodzi sakwanira.

Ku Malawi ndi ku Neno

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Kafukufuku wa Terttu Heikinheimo ndi anzake pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anatuluka mu 2012, anatsatira odwala sitiroko 147, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi kachilombo ka HIV. Mu 2016, Laura Benjamin ndi anzake anayerekeza odwala 222 ndi anthu 503 osadwala sitiroko ku Blantyre komweko. Anapeza kuti kuthamanga kwa magazi ndi komwe kunali patsogolo pa zoyambitsa sitiroko, ndipo HIV inali yofunika kwambiri mwa achinyamata. Chipatala cha Queen Elizabeth chinalandira makina a MRI mu 2008, omwe anabwera kudzathandiza pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana ndipo anathandizanso pa kafukufuku wa sitiroko.

Boma la Neno linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 138,000. Derali ndi lamapiri, ndipo misewu yake yambiri imavuta nthawi ya dzinja. Kuyambira mu 2007, bungwe la Partners In Health, lomwe kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali. Mu 2015 kunakhazikitsidwa kiliniki ya matenda a mgonagona yotchedwa Integrated Chronic Care Clinic, komwe odwala HIV, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi khunyu amathandizidwa pamalo amodzi. Mu 2018 makiliniki a PEN-Plus anatsegulidwa pa chipatala cha boma cha Neno, pa Neno Boma, ndi pa chipatala cha Lisungwi. Makilinikiwa amathandiza odwala matenda aakulu monga a mtima otchedwa rheumatic heart disease ndi sickle cell. Matenda awiriwa amayambitsa sitiroko mwa ana ndi achinyamata. Magazi oundana ochokera mumtima wodwala kawirikawiri amakatseka middle cerebral artery, mtsempha womwe uja wodyetsa madera a chidwi.

Wodwala wa ku Neno wofunika kujambulidwa ubongo amayenera kutumizidwa ku Blantyre, ulendo wa maola angapo. Pa chifukwa ichi, kudziwa mgwirizano wa malo ndi zizindikiro kumathandiza achipatala asanaone chithunzi chilichonse. Munthu yemwe wafa ziwalo za kumanzere, maso ake athawira kumanja, ndipo akukana kuti akudwala, amasonyeza kuti mwina dera lalikulu la ubongo wa kumanja lawonongeka. Wotereyu amafunika kuyang'aniridwa mosamala m'masiku oyambirira, pomwe ubongo ungathe kutupa. Sitiroko ya kumanja imachedwanso kuzindikirika, popeza wodwala amalankhula bwinobwino ndipo iye mwini amati ali bwino. M'madera ena abale amaganiza kuti walodzedwa, wasokonezeka mutu, kapena akuchita mwano, ndipo nthawi yopitira ku chipatala imatayika.

Ntchito yophunzitsanso odwala kuyenda ndi kudzisamalira imachitika m'zipatala zomwe zili ndi a mafizo. Ku Blantyre kuli malo a Kachere Rehabilitation Centre. Sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 2010. Komabe odwala ambiri a kumidzi amachirira kunyumba, m'manja mwa abale, mothandizidwa ndi alangizi a zaumoyo oyendera makomo.

Chithandizo ndi chisamaliro cha pakhomo

Palibe mankhwala omwe avomerezedwa kuti amachiza vutoli. Njira yakale kwambiri ndi kuphunzitsa wodwala kutembenuza mutu ndi maso mpaka apeze chizindikiro chowala chomwe chaikidwa kumapeto a kumanzere. Ian Robertson anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti kugwedeza dzanja la kumanzere, ngakhale zala zokha, lili mbali ya kumanzere, kumachepetsa vutoli kwa kanthawi. Mu 1998, Yves Rossetti ndi anzake a ku Lyon anaveka odwala magalasi osunthira zinthu madigiri 10 kumanja, n'kuwapempha kuloza zinthu mobwerezabwereza. Atavula magalasiwo, odwala anayamba kulabadira kwambiri za kumanzere kwa maola angapo. Kuunika kwa bungwe la Cochrane kwa mu 2021 kunapeza kuti umboni woti njira zoterezi zimasintha moyo wa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali udakali wofooka.

Pakhomo, choyamba ndi chitetezo. Wodwala asakhale pafupi ndi mafuwa kapena mbaula moto uli kumanzere kwake, chifukwa angapse osadziwa. Osamalira aziona kuti mkono wa kumanzere sukulendewera kapena kupsinjika pogona, ndipo asamaukoke pomudzutsa. Pa chakudya, azitembenuza mbale akamaliza mbali imodzi, ndipo aziona ngati chakudya sichinatsalire m'tsaya. Madzi ndi mankhwala ziziikidwa pomwe angazipeze, koma pocheza abale azikhala kumanzere kwake n'kumamukumbutsa modekha kuti atembenuke. Nsalu yofiira yomangidwa pa mphuthu ya chitseko kapena pa dzanja loiwalidwalo imathandiza kukopa maso. Kupalasa njinga, kuyendetsa njinga yamoto kapena galimoto, ndi kuwoloka msewu yekha, zimayenera kudikira mpaka achipatala atamuyeza. Kumukalipira sikuthandiza, chifukwa sakuchitira dala.

Munthu akapotoka nkhope mwadzidzidzi, akafooka mkono kapena mwendo, akayamba kulankhula zosamveka, kapena akayamba kusalabadira mbali imodzi, ayenera kutengeredwa ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale iye atakana. Asapatsidwe asipilini pakhomo asanaonedwe ndi achipatala, chifukwa ngati mtsempha waphulika, mankhwalawa angawonjezere kutaya magazi. Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi pafupipafupi, kumwa mankhwala mokhulupirika, kuchepetsa mchere ndi kusiya fodya ndi njira zazikulu zopewera sitiroko yoyamba komanso yobwereza.